Ululu suyembekeza truck ya mankhwala

Mu komboni muli mawu awili amene munthu amawamva asanamvetse na dzina la matenda ake: “Kulibe, mukagule.” Mwafika pa kiliniki 06 hours, mwakhala pa benchi mpaka miyendo yachita dzanzi, ba clinical officer akupimani na kukulembelani kapepala, ndiye pa window ya pharmacy ayang'ana kapepalako, ayang'ana pa shelefu, akubwezelani. Kaya mukhala ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku George, ku Mtendere olo ku Kalingalinga, mawuwa muwadziwa. Tikambe zoona, si tsiku lililonse. Masiku ena mankhwala amakhalapo, munthu achoka na ka envelope kodzala. Koma zimachitika kambili moti pa nyumba pakadwala munthu timayambilatu kufunsana za ndalama tikalibe kunyamuka.

Amene amapatsidwa kapepala kaja ni imwe achinyamata. Amayi agona, atate ali ku nchito olo kulibe, ambuya sangayende, ndiye “thamanga ku chemist” imagwela mwana wa zaka 17 olo 20. Aima pa counter na ndalama yosakwana, wogulitsa amuuza kuti amene analemba ba dokota kulibe koma kuli ena ofanana, ndipo iye ndiye afunika kusankha. Palibe anamuphunzitsa. Ku sukulu anaphunzila mbali za duwa na mitsinje ya ku Canada, koma kusiyana kwa brufen na tramadol anakuphunzilila pa counter pomwepo, amayi ake ali kubuula ku nyumba.

Mankhwala a malungo akasowa, tonse timamva kuti zinthu zavuta. Ma ARV akachedwa, nkhani imafika pa wailesi tsiku lomwelo, ndipo n'zoyenela. Koma akasowa mankhwala oletsa ululu, timauza wodwala kuti alimbe mtima, pakuti ululu supha. Ine mawu amenewa nimawakana. Munthu amene anathyoka nthiti akamamva kuwawa amapuma pang'onopang'ono, amaopa kukhosomola, ndipo chibayo chimamupeza mosavuta. Mzimayi amene anabeleka na opaleshoni afunika kuuka na kuyendako kuti magazi asaundane m'miyendo, afunika kunyamula mwana kuti ayamwe; ululu ukamupanikiza pa bedi, zonsezi zimaima. Mwamuna amene amakankha wilibala pa Soweto Market akagona sabata imodzi chifukwa cha msana, sabata imeneyo pa nyumba palibe ndiwo. Nanga ambuya a khansa amene alila usiku wonse mu nyumba ya ma room awili, adzukulu ali na mayeso m'mawa? Kulimba mtima n'kwabwino pa malilo. Pa bala la moto sikugwila nchito.

Chimene ambili sitinauzidwe n'chakuti mankhwala a ululu ali pa masitepe. Bungwe la WHO linaika makwelelo amenewa mu 1986, poyamba chifukwa cha odwala khansa. Pansi pali paracetamol, amene timangowachula kuti Panado, pamodzi na brufen na diclofenac. Pakati pali codeine na tramadol. Pamwamba pali morphine na anzake. Manje onani apa: mawu akuti “mukagule” amatanthauza zinthu zosiyana pa sitepe iliyonse. Panado muzaipeza olo pa kantemba ka pa kona. Tramadol afunika kapepala ka dokota na pharmacy yovomelezeka. Morphine amasungidwa mu kabati yokhoma, amalembedwa mu buku tablet iliyonse na botolo iliyonse, ndipo simungayende mu komboni na ndalama m'manja n'kumupeza. Choncho munthu amene ululu wake uli pamwamba, wa sickle cell, wa khansa, wakupsa, akauzidwa kuti akagule, nthawi zambili amabwelela pa sitepe yapansi n'kuyamba kuwonjezela ma tablet. Ngozi imayambila pamenepo.

Tiyambe na Panado, pakuti timaiona monga switi. Munthu wamkulu safunika kupitilila magalamu 4 pa tsiku, kutanthauza ma tablet 8 a 500mg, osati onse pamodzi koma awiliawili motalikana maola. Kwa munthu woonda maningi, wakumwa mowa kwambili olo wodwala chiwindi, malile ali pansi kuposa apo. Vuto ni yakuti paracetamol amabisala mu mankhwala ambili a mutu na a chimfine. Munthu amwa Panado, amwa ka paketi ka chimfine, amwanso ena amene anapatsidwa na neba, aganiza kuti wamwa mitundu itatu, pamene wamwa chinthu chimodzi katatu. Ndipo chiwindi sichilila tsiku loyamba. Wodwala angaoneke bwino lelo na mailo, maso n'kuyamba kuchita yelo tsiku lachitatu, nthawi yothandiza bwino itapita kale. Welengani tumalemba tung'ono pa paketi. Ngati mwaona kuti wodwala wapitilila, mupelekeni ku chipatala tsiku lomwelo olo akane kuti ali chabe bwino.

Brufen, diclofenac na indocid ni banja limodzi. Kumwa awili a m'banja limeneli nthawi imodzi sikuchotsa ululu kawili, kumangowonjezela ngozi ya zilonda za m'mimba na kuwonongeka kwa impso. (Indocid ni uja amene ena amasakaniza na nsima kuti aphe makoswe. Ganizilani zimenezo mukalibe kupatsa ambuya ma capsule atatu pa mimba ya njala.) Anthu a BP, a shuga, a ma ulcer na azimayi apakati afunika kufunsa akalibe kumwa. Chinanso chimene chikhudza nyumba zambili kuno: ma ARV amene ambili amamwa masiku ano, TLD, ali na tenofovir mkati, ndipo tenofovir amadutsa mu impso. Kuwonjezelapo diclofenac tsiku na tsiku kwa milungu ni kusenzetsa impso katundu wawili. Apa chinsinsi chathu chimativulaza. Mwana watumidwa ku chemist sadziwa kuti amalume ake ali pa mankhwala, wogulitsa safunsa, amalume nawo sakamba. Simufunika kuulula za munthu pa gulu. Mungapemphe kukamba na pharmacist pambali, olo wodwala akambe yekha pa foni.

Ndiye pali mankhwala otsala. Mu komboni timabwelekana mchele, malasha, charger, na ma tablet omwe. Neba anachita opaleshoni chaka chatha, anatsala na tramadol, abweletsa na mtima wabwino. Koma tramadol angagwetse munthu n'kuyamba kugwedezeka monga wa khunyu, makamaka akachuluka olo ngati munthuyo ali kale na matendawo. Akasakanizana na mowa olo mankhwala ogonetsa, kupuma kumachepa munthu ali m'tulo. Mlingo umene unakwanila mwamuna wa makilo 90 si wa mtsikana wa zaka 15.

Pali chinthu china chimene mabanja ambili sakonzekela. Munthu amene wamwa tramadol olo morphine kwa milungu, thupi limazolowela. Mankhwala akatha mwadzidzidzi amatuluka thukuta, amatsegula m'mimba, amayasamula, miyendo siikhazikika, tulo kulibe. Pa nyumba ena ayamba kukamba za ufiti, ena akuti “wakhala junkie.” Kuzolowela kwa thupi kumeneku kumachitika olo kwa munthu amene anatsatila malangizo onse, ndipo njila yake ni kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono na thandizo la dokota. Ndiye ngati musamalila munthu wa mankhwala otele, welengani ma tablet. Bwelelani ku chipatala kukali masiku angapo, osati tsiku limene botolo yauma, ndipo pewani kuti athele pa Friday madzulo.

Za ma tablet a mu pulasitiki opanda dzina amene amagulitsidwa pa station, ali pa dzuwa tsiku lonse, sinizatalikitsa. Mu 2017 WHO inapeza kuti m'maiko osauka na apakati, pa mankhwala 10 alionse, amodzi amakhala abodza olo osafika pa muyezo. Lamulo la 2013 limene linakhazikitsa ZAMRA lifuna kuti pharmacy na health shop zikhale na laisensi. Iyang'aneni pa chipupa. Ngati munthu akugulitsani tramadol osafunsa kapepala, dziwani kuti sanafunsenso kumene katundu wake unachokela.

Manje funso ni yakuti, n'chifukwa chiyani shelefu imakhala yopanda kanthu? Yankho yosavuta ni yakuti boma ilibe ndalama, koma manambala sagwilizana nayo kwenikweni. Ndalama ya mankhwala mu bajeti inachoka pa K1.4 biliyoni mu 2021 kufika pa K3.4 biliyoni mu 2022, ndipo mu 2023 inafika pa K4.6 biliyoni. Medical Stores Limited inasinthidwa kukhala ZAMMSA na lamulo la 2019, kuti kugula, kusunga na kugawa mankhwala zikhale m'manja amodzi. Koma mu 2024 tinamva za makontena 61 a mankhwala na zipangizo amene anakhala miyezi pa depot ina muno mu Lusaka, pamene anthu anali kubwezedwa pa ma window. Pa 8 May 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lizadula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa chaka chifukwa cha kuba. Anakamba kuti kuchokela mu 2021 mpaka 2023 anthu awo anayendela ma pharmacy opitilila 2,000 m'dziko lonse, ndipo pa amene anali kugulitsa mitundu ya mankhwala imene America imapeleka, 95 pelesenti anapezeka na katundu wakuba. Iye anali kukamba za mankhwala a HIV, malungo na TB. Koma chiboo chimene Coartem amatulukila sichisankha. Ngati bokosi ya mankhwala a malungo ingadutse pa geti, ya diclofenac ingalephele bwanji?

Sinizaweluza mtsikana amene 23 hours agula paketi yolembedwa kuti si yogulitsa, chifukwa mlongosi wake akuwa na ululu. Ambili a ise tingachite chimodzimodzi. Koma tione bwino chimene chachitika: tablet imene inafunika kupelekedwa mahala pa window yawoloka msewu, ndipo banja lailipila kawili, poyamba na msonkho, kachiwili na ndalama ya lendi. Amene ali pa nchito ya malipilo amadulidwanso 1 pelesenti ya NHIMA mwezi uliwonse, abwana awonjezela 1 pelesenti. Ambili mu komboni ni a pisiweki na a pa msika, ndipo kwa iwo inshuwalansi yeniyeni ni chilimba, mpingo, olo kaloba. Malipilo a pa kiliniki anachotsedwa m'dziko lonse mu 2012, koma kapepala ka “mukagule” kanawabweza pa khomo la kumbuyo.

Pali nkhani ina imene imatikhudza ise achinyamata kuposa ena onse. Tonse tiwaona ma junkie, ndipo ena tinaphunzila nawo. Tidziwa za mabotolo a mankhwala a chifuwa a codeine amene amapezeka m'ngalande, tidziwa mbili ya Chibolya. Vutoli ni lenileni, ndipo si lathu tekha: Nigeria inaletsa mankhwala a chifuwa a codeine mu 2018 pambuyo pa filimu ya BBC imene inaonetsa mmene anawonongela achinyamata. DEC ili na nchito yake ndipo iigwile. Koma mantha amenewa amagwela munthu wolakwika. Mnyamata wa sickle cell amene wadwala kuchokela ali mwana amadziwa dzina la mankhwala amene amamuthandiza, amadziwa na mlingo wake. Akafika usiku, wavala hoodie, achokela ku Kanyama, n'kuchula dzina la mankhwalawo, kudziwa kwakeko kumasanduka mlandu. Amayang'aniwa monga munthu wofuna kuledzela, pamene mafupa ake ali monga aphwanyidwa na hamala. Junkie weniweni saima pa mzele wa chipatala maola asanu. Ali na njila zake, ndipo kusowa kwa mankhwala pa window sikumukhudza olo pang'ono.

Mantha omwewa ali na pa dziko lonse lapansi. Pansi pa pangano la 1961, dziko lililonse limauza bungwe la INCB ku Vienna kuchuluka kwa morphine amene lizafuna chaka chotsatila. Ngati madokota aopa kulemba, morphine amagwilitsidwa nchito pang'ono. Akagwilitsidwa nchito pang'ono, dziko limaitanitsa pang'ono. Akabwela pang'ono, madokota aleka na kumuganizila. Lipoti la akatswili la magazini ya Lancet mu 2017 linapeza kuti hafu ya anthu a pa dziko, osauka kwambili, amalandila zosakwana 1 pelesenti ya mankhwala a mtundu wa morphine amene amagawidwa. America ili na vuto la mankhwalawa kuchuluka, anthu masauzande amafa chaka chilichonse. Ise tili na vuto la kusowa, koma timatengela mantha awo.

Chimene chimanikwiyitsa n'chakuti morphine si mankhwala odula, ndipo njila inaonetsedwa kale na anzathu a ku Uganda. Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, ndipo anayamba kusungunula ufa wa morphine m'madzi kuti akhale wakumwa, wotchipa, woti wodwala apite naye ku nyumba. Mu 2004 Uganda inasintha lamulo kuti manesi na ma clinical officer amene anaphunzitsidwa mwapadela azilemba morphine, pakuti madokota ni ochepa. Boma imalipila, wodwala salipila. Uganda si dziko lolemela kutiposa. Kuno tili na Cancer Diseases Hospital kuchokela mu 2007, tili na Our Lady's Hospice mu Kalingalinga momwe muno, tili na anthu odziwa nchito yosamalila odwala matenda osapola. Zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama na Chawama zinakuzidwa na thandizo la Japan kuti UTH ipumeko, ndipo zimachita ma opaleshoni. Maganizo anga ni akuti wodwala khansa ya chibelekelo amene anatulutsidwa kuti akagone ku nyumba ku George asamakwele mabasi awili kupita ku Ridgeway chifukwa cha botolo imodzi. Aitenge pa chipatala cha pafupi, mwezi uliwonse, ndipo banja lidziwe tsiku, khomo na munthu womuona.

Zimenezo zifuna unduna na ndalama. Koma pali chinthu china chimene chifuna chabe bolodi na choko. Filling station iliyonse imalemba mitengo pa msewu. ZESCO imatulutsa ndandanda ya load shedding, olo kuti nthawi zina magetsi amayenda na ndandanda yawoyawo. N'chifukwa chiyani kiliniki singalembe pa geti m'mawa uliwonse mankhwala amene kulibe, tsiku limene anaitanitsidwa, na chipatala cha pafupi kumene aliko? Zimenezi si zobisika kwa iwo. Ma pharmacy a boma amalemba katundu wawo, ndipo ambili ali pa kompyuta ya eLMIS imene imatumiza malipoti kumwamba. Kuchokela mu December 2023 tili na lamulo la Access to Information. Munthu amene amabwezedwa pa window ndiye woyamba amene afunika kudziwa.

Ena azakamba kuti bolodi izaonetsa akawalala kumene kuli tramadol. Akawalala adziwa kale, ndipo si ochokela kunja kwa mpanda onse. Komanso palibe wapempha kuti alembe kuchuluka kwa mabokosi. Alembe zimene kulibe. Ena azati izachititsa boma manyazi. Mwina. Koma pakali pano manyazi na matukwano zimagwela nesi na pharmacist amene ali pa window, amene sanagule mankhwala, sanasunge kontena, ndipo nayenso akadwalitsa amapita ku chemist monga ise. Pa mapulogalamu a foni pa wailesi, anthu akakwiya amachula “ba nurse,” chifukwa ndiye nkhope imene anaona. Bolodi ingasamutse funso kuchoka pa nkhope imeneyo kupita kumene lifunika kupita. Ingathandizenso kugwila wakuba: ngati truck inatsitsa katundu pa Monday ndipo pa Wednesday bolodi ikamba kuti diclofenac kulibe, komboni yonse ingafunse.

Pamene tiyembekeza, musachoke pa window na mawu awili aja chabe. Funsani ngati pali mankhwala ena amene alipo ogwila nchito imodzimodzi, ndipo ngati alipo, bwelelani kwa amene analemba kapepala akasinthe yekha. Funsani dzina lenileni la mankhwala, osati la kampani, chifukwa ku chemist mtengo umasiyana kwambili pa chinthu chimodzi. Pemphani akulembeleni mlingo na maola, mujambule kapepalako na foni. Kambani mankhwala onse amene wodwala amwa, na a zitsamba omwe. Ngati ululu ni wa mutu woopsa umene wabwela mwadzidzidzi, wa pa chifuwa, wa m'mimba mwa mzimayi wapakati, olo wa sickle cell pamodzi na kutentha thupi, imeneyo si nkhani ya chemist. Bwelelani ku chipatala olo ni usiku. Kwa wa sickle cell, madzi akumwa ambili na kufunditsa thupi zimathandizako panjila, koma madzi oundana pa malo owawa amawonjezela vuto.

Kiliniki iliyonse ya boma ili na ma Neighbourhood Health Committee m'ma zone ake, ndipo ambili mwa amene amakhalamo ni azimayi na azibambo achikulile amene agwila nchitoyi zaka zambili popanda malipilo. Achinyamata sitipitako, chifukwa kulibe allowance. Ngati simudziwa wa mu zone yanu, funsani ba sister in-charge, maina ali nawo. Pitani awili olo atatu pa miting'i yotsatila, mupemphe kuti nkhani ya bolodi ilembedwe mu ma minutes, ndipo kope imodzi ipite kwa kansala wa ward yanu.